Spider-Man wanga akumatuluka wouma gwa, ndikulakwitsa pati?

FUNSO: Achimwene moni. Ndine mnyamata wa ku Bangwe, masana ndimakhala ku ntchito nde madzulo ndimakonda kujambula. Ndinagula kachidole ka Spider-Man pa kaunjika, kenako ka Batman, pano ndili nato tingapo ndipo ndimatiimika patebulo nkumatijambula ndi penti. Vuto zithunzi zake zikumatuluka zouma, ukangoona umadziwiratu kuti ndi pulasitiki, komanso ndikati ndiike mthunzi pa suti yofiira ija imangoda bii. Anzanga akuti ndizigulitsa, kodi palibe mlandu pamenepo?

YANKHO: Zikomo mphwanga, ndipo musasiye chonde, zimene mukuchitazi ndi zabwino kwambiri. Kuumako sikuti dzanja lanu ndi loipa ayi, mukungokopera chidolecho mokhulupirika mopitirira. Zidole zamtunduwu, chiyambire 1964 pamene kampani ya Hasbro inatulutsa chidole cha msilikali chotchedwa G.I. Joe, amazipanga ndi mfundo zopindika m'mabondo, m'zigongono ndi m'mapewa kuti mwana azitha kuseweretsa, koma msana wake sukhota ngati wa munthu, khosi ndi louma, ndipo kuti chiime patebulo osagwa mumachiimika miyendo yonse iwiri mofanana, pomwe munthu weniweni akaima thupi limatsamira mwendo umodzi, chiuno chimapendekeka phewa lina nkutsika. Nde mukajambula chidolecho mmene chilili kuumako kumabwera nako.

Chidole muzichigwiritsa ntchito poona kuwala ndi kapangidwe ka suti basi. Zimitsani getsi, yatsani tochi ya foni muchiwunikire mbali imodzi chapamwamba, muona pomwe mthunzi ukugwera pansi pa chibwano, pansi pa chifuwa, mkati mwa ntchafu. Apa chidole chimathandiza kwambiri chifukwa sichitopa, chikhala choncho mpaka mumalize. Koma kaimidwe katengeni kwa munthu. Muuzeni mng'ono wanu anyonyomale pampanda kapena adumphe inu mumujambule pa foni, kapena mukakhale pa galaundi muziona goloboyi akamaulukira mpira, mmene msana ukupindikira ndi zala mmene zatambasukira. Yambani ndi mzere umodzi wokhota wa pensulo kuchokera kumutu mpaka kuphazi, thupi lonse mulimange pamzere umenewo, minofu ibwere pambuyo.

Ndipo Spider-Man musamunenepetse ngati wonyamula zitsulo. Steve Ditko, amene anamujambula koyamba mu 1962 atapangana ndi wolemba nkhani Stan Lee, anamupanga kamnyamata kowonda ka kusukulu kopindika mmalo odabwitsa, fufuzani zojambula zakezo pa intaneti muone mmene miyendo amaipindira. Pa msinkhu, munthu wamba kutalika kwake kumakwana mitu yake pafupifupi 7 ndi theka, ojambula makomiki amakonda mitu 8 kapena kuposerapo kuti ngwazi izioneka yamphamvu, Batman amakhala bwino choncho.

Za mthunzi wakudawo, penti yakuda ndi imene ikukuphani. Pa chofiira sakanizani kabuluu pang'ono kwambiri, mupeza mtundu wakuya wopita ku pepo umene umaonekabe kuti ndi nsalu yofiira ili pamthunzi. Pomwe kuwala kukumenya onjezani kachikasu, yoyera yokha imapangitsa suti kukhala pinki. Batman naye musamuthire yakuda thupi lonse, m'makomiki akale chovala chake chakumsana ankachiwalitsa ndi buluu kuti mapindidwe azioneka, inunso siyani yakuda yeniyeni mmalo akuya okha. Ngati ndi penti ya acrylic dziwani kuti imauma mwachangu komanso ikauma imaderako pang'ono, choncho sakanizani yokwanira nthawi imodzi ndipo burashi isagone ndi penti, muzitsuka pompo. Mizere ya ukonde wa kangaude ija izibwera pomaliza penti itauma, ndi peni yakuda yopyapyala, ndipo izikhota motsatira chifuwa ndi mkono, mukailemba yowongoka thupi lonse limaphwatalala.

Zogulitsazi nde samalani. Spider-Man ndi wa kampani ya Marvel, yomwe inagulidwa ndi Disney mu 2009, Batman ndi wa kampani ya DC kuchokera 1939, ndipo ngakhale penti ndi dzanja zili zanu ngwaziyo ili ndi eni ake. Kujambula zopachika kuchipinda kwanu ndi nkhani ina, koma kusindikiza pa matisheti kapena mapositala nkumagulitsa popanda chilolezo ndi kuphwanya malamulo a copyright, kuno kwathu mutha kukafunsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, akufotokozereni bwino. Ine ndikanakonda mupange ngwazi yanuyanu, dzina lake, suti yake, mphamvu zake, ameneyo mugulitsa mmene mungafunire ndipo tizidole tomweto tikuthandizanibe pa kuwala. Mukapenta china mutitumizire chithunzi pamodzi ndi sikechi ya pensulo yoyambayo, ndikufuna ndione mzere wa msanawo.