Alamu, konzani kaye giyabokosi injini isanawonjezeredwe mphamvu

Alamu, funso lanu lija mwaponya m'gulu lathu la banjali ndaliona, ndipo ndasankha kukuyankhani pakamwa chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Mwanena kuti Hilux yanu ya 3.0 D-4D, ya otomatiki, ikumalemedwa mukamakoka tirela yodzaza katundu kuchokera ku Johannesburg kubwera kuno kumudzi, ndipo pali galaja ina yomwe yalonjeza kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti torque, yomwe ndi mphamvu yokoka ya injini yoyezedwa mu Nm, ichoke pa 343 Nm, imene galimotoyo inabwera nayo kuchokera kufakitale, ifike cha m'ma 430 Nm. Mukufuna kudziwa ngati giyabokosi ingapirire, kapena ngati nayonso ifuna ndalama. Ine ndikuti ipirira ndithu mukaikonzekeretsa, koma ndalama zoyamba zipite kwa iyo, ndipo injini ikhale yomalizira kukhudzidwa.

Magalimoto ambiri a mtundu wanuwo, omwe anapangidwa pakati pa 2005 ndi 2015, ali ndi giyabokosi ya magiya anayi ya mtundu wa A340 yopangidwa ndi kampani ya Aisin, pamene ena a zaka zakumapeto ali ndi A750 ya magiya asanu. A340 si yofooka ayi. Mtundu womwewu unaikidwa mu Toyota Supra ya turbo ya m'zaka za m'ma 1990, mu Prado, ndiponso mu Jeep Cherokee momwe unkadziwika ndi dzina lakuti AW4, choncho mano a magiya ndi mashafuti ake sathyoka wamba. Chimene chimayamba kutha ndi mbale za kilatchi zomwe zili m'kati mwake, ndipo zimatha pa zifukwa ziwiri, kutereza ndi kutentha.

Giyabokosi ya otomatiki imagwira giya potsina pamodzi mulu wa timbale topyapyala, tina tachitsulo, tina tomatidwa chikamba chonga pepala lokhuthala, ndipo chimene chimatitsina ndi oilo amene pampu ikukankha mwamphamvu. Mphamvu yotsinayo inayesedwa molingana ndi injini ya kufakitale. Mukawonjezera torque koma kutsina kukhale komweko, zimafanana ndi munthu wogwira chingwe cha ng'ombe yolusa ndi manja olefuka: chingwe chimatereza m'manja, zikhatho zimapsa, ndipo ng'ombeyo imapitabe. Timbaleto tikatereza timatentha, chikamba chija chimasalala ngati galasi kapena kuyoyoka kumene, ndipo tikasalala kamodzi titereza tsiku lililonse mpaka giyayo itasiyiratu kugwira.

Palinso torque converter, chija chozungulira chokhala pakati pa injini ndi giyabokosi, chomwe chimapatsira mphamvu kudzera mu oilo. Galimoto ikamanyamuka itaima, chimenechi chimachulukitsa torque pafupifupi kawiri, kotero kuti 90 Nm imene akufuna kukuwonjezeraniyo imafika pa shafuti ya giyabokosi itatsala pang'ono kuwirikiza, makamaka pamene mukunyamuka pachitunda tirela ili kumbuyo. Kutentha kwambiri kwa oilo kumabadwira m'menemo, nthawi yonse imene converter ikupalasa oilo isanatseke. Ikatseka, kilatchi yake ya lock-up imalumikiza injini ndi giyabokosi mwachindunji ndipo kutentha kumatsika, koma kilatchi imeneyi ndi yaing'ono, ndipo injini ya dizilo imapereka torque yake yonse pa ma rev otsika, ndiko kuti injini ikuzungulira pang'onopang'ono, kuyambira cha pa 1400 pa mphindi, pomwe kilatchiyo imakhala itagwira kale. N'chifukwa chake galimoto zina zowonjezeredwa mphamvu zimayamba kunjenjemera pa liwiro la makilomita 70 kapena 80 pa ola, dalaivala akaponda pang'ono ali m'giya yomaliza.

Tsono musanalipire chilichonse, yambani mwaona mmene giyabokosiyo ilili lero. Ngati ndi A340, ili ndi kachitsulo koyezera oilo. Galimoto itenthe kaye, iime pamalo athyathyathya injini ikulira, ndipo musolole kachitsuloko n'kudonthezera papepala loyera. Oilo wabwino amakhala wofiira, woonekera, wopanda fungo loipa. Akakhala wabulauni wakuda, wonunkha ngati mkute wopserera pansi pa poto, dziwani kuti timbale tija tayamba kale kupsa. Makaniko akamasula poto wa pansi pa giyabokosi, muone nokha timaginito tomwe timakhala m'menemo: kaphala kotuwa kosalala ndi kwachibadwa, koma tizidutswa tonyezimira kapena zinyenyeswa zakuda zogwirika ndi zala ndi chizindikiro chakuti m'kati mwayamba kudyeka. Mumvetserenso poyendetsa ngati ma rev akudumpha m'mwamba kwa kamphindi pochoka m'giya yachiwiri kulowa yachitatu, kapena ngati galimoto ikuchedwa kugwira mukaika pa D m'mawa. Chimodzi mwa zimenezi chikapezeka, nkhani yowonjezera mphamvu iime kaye, chifukwa giyabokosi yotere ikufuna kuphwasulidwa ndi kumangidwanso, ndipo pomangapo ndiye pabwino kuikiratu timbale tolimba kuposa ta kufakitale.

Ngati zonse zili bwino, yambani ndi oilo watsopano ndi sefa yake. Mtundu wa oilo si wongoganizira. A340 ya m'zaka zimenezo kawirikawiri imafuna Toyota T-IV, pamene A750 imafuna WS, ndipo cholondola chalembedwa m'buku la galimoto kapena pa kachitsulo koyezera kaja. Mukangotsegula bawuti ya pansi pamatuluka malita ochepa chabe, ambiri amatsalira mu converter, choncho ndi bwino kukhuthula ndi kuthira kawiri kapena katatu, mukuyendako pakati pake, kusiyana ndi kuika makina otsuka mwamphamvu pa giyabokosi yomwe yayenda mtunda wautali.

Chinthu chachiwiri, chomwe kwa ine ndi chofunika kuposa zina zonse pa ntchito yanuyo, ndi choziziritsira oilo chapadera. Kufakitale oilo wa giyabokosi amadutsa m'kapaipi ka m'munsi mwa rediyeta, ndipo pa galimoto yopanda katundu zimenezo zimakwana. Koma injini ikawonjezeredwa mphamvu madzi a mu rediyeta nawonso amatentha kwambiri, ndiye oilo amakapempha kuzizira kumalo komwe kwatentha kale. Oilo ameneyu amagwira bwino ntchito cha pa madigiri 80, ndipo akapitirira 120 amawonongeka msanga, marabala otseka oilo amauma, ndipo kutsina kuja kumachepa. Ganizirani njira yanuyo mwezi wa Okutobala, pamene ku Tete kumatentha kupitirira madigiri 40, kenako n'kuyamba kukwera kulowera ku Zobue ndi ku Mwanza mutalemedwa. Choziziritsiracho chiikidwe kutsogolo komwe mphepo imawomba, ndipo oilo adutse kaye mu rediyeta asanafike kwa icho. Muikenso geji yoonetsa kutentha kwa oiloyo, kaya yolumikiza pa soketi ya OBD, pomwe amakaniko amalumikiza kompyuta yofufuzira zovuta, ngati galimotoyo ikupereka nambala imeneyo, kaya yokhala ndi sensa yake papaipi yotuluka mu giyabokosi. Nyali ya padeshibodi yochenjeza za kutenthako ikamayaka oilo amakhala atatentha kale mopitirira. Ndipo poti rediyetayo ndi yakale, aiyang'anenso bwino, chifukwa kapaipi ka m'kati kaja kakabooka madzi amasakanikirana ndi oilo n'kusanduka ngati mkaka wofiirira, ndipo madzi amamatula chikamba cha timbale tonse.

Kenako pamabwera nkhani ya kutsina. Mu giyabokosi muli valve body, mbale yachitsulo yodzaza tinjira ta oilo, masipulingi ndi ma solenoid (timavavu toyendera magetsi), yomwe imalamula kuti giya iti igwire, nthawi yanji, ndiponso mwamphamvu bwanji. Akatswiri a magiyabokosi amatha kuisintha kuti oilo azitsina mwamphamvu ndiponso kuti kuchoka m'giya ina kulowa ina kuzichitika mofulumira. Mudzamva kusintha kwa magiya kukugunda pang'ono kuposa kale, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa, chifukwa kufewa kumene anthu amakukonda kumabwera ndi kutereza kwadala, ndipo kutereza kumeneko pa torque yochuluka ndiko kumawotcha timbale. Komabe kugunda kopitirira muyeso nakonso n'koipa, kumamasula propshaft, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu kumbuyo, ndi kuvulaza difu, yomwe imagawa mphamvuyo ku matayala, choncho uzani wokonzayo kuti galimotoyo ndi yokokera katundu, si ya mpikisano. Chimodzimodzi pa converter: mufunse yokhala ndi kilatchi ya lock-up yolimba, ndipo wina akakutsatsani ya high stall, yomwe imadikira kuti ma rev akwere kwambiri isanagwire, mukane, chifukwa imeneyo ndi ya injini za petulo zothamangitsana, ndipo pa dizilo wokoka tirela ingokuwonjezerani kutentha. Palinso switchi yokakamiza converter kutseka, yomwe anthu okoka makalavani ku Australia amaikonda kwambiri. Imatsitsadi kutentha pachitunda, koma ikaiwalidwa galimoto ikamaima injini imazima, ndipo poti galimoto yanu imayendetsedwanso ndi anyamata anu, ine sindingaiike pokhapokha ikhale ya mtundu wodzimasula wokha.

Mukafika pa injini, funsani a galajayo funso limodzi: kodi akulembanso pulogalamu ya m'kompyuta, kapena akungolumikiza kabokosi konamiza sensa ya dizilo? Kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa kompyuta imasankha kutsina kwa giyabokosi potengera katundu amene ikuganiza kuti injini yasenza, ndiye kabokosi kakainamiza, injini imakoka kwambiri pamene giyabokosi ikutsinabe ngati kale. Muwapemphenso kuti torque isabwere yonse mwadzidzidzi pa ma rev otsika, koma izikwera pang'onopang'ono. Kunena zoona, ine ndikadaima cha pa 400 Nm, chifukwa injini ya galimoto yanuyi, yotchedwa 1KD, imadziwika kuti ma pisitoni ake amatha kung'aluka ikatenthetsedwa kwambiri kapena ma injekita akatopa, ndipo 30 Nm yotsalayo siyenera chiopsezo chimenecho.

Kayendetsedwe nako kali ndi gawo lake. Giya yachinayi ya A340 ndi overdrive, giya yothamangira yokhala ndi mphamvu yochepa yokoka, pamene yachitatu imapatsira mphamvu mwachindunji, choncho pachitunda chachitali ngati cha ku Thabwa pochokera ku Chikwawa, kapena cha Chiweta pochokera ku Karonga, ikani pa 3 nokha m'malo molola giyabokosi izisinthasintha pakati pa magiya awiriwo, popeza kusintha kulikonse pansi pa katundu kumadya timbale. Mphamvu yowonjezerayo sisinthanso kulemera kumene galimotoyo inaloledwa kukoka. Mabuleki, difu ndi chitsulo chokokera zikhala zomwezo, ndipo a inshulansi muwadziwitse za kusinthaku, kuopa kuti angadzakane kulipira pa tsiku la ngozi.

Ntchito ya valve body ndi converter muchitire konko ku Johannesburg, komwe kuli malo ogwira magiyabokosi a otomatiki okhaokha, ndipo akulembereni papepala chilichonse chomwe aikamo pamodzi ndi mtundu wa oilo, pepalalo lizikhala m'galimoto kuti makaniko wa kuno asadzathiremo oilo wolakwika. Pakadali pano nditumizireni chithunzi cha kapuleti ka kufakitale ka galimotoyo komwe palembedwa mtundu wa giyabokosi, chithunzi cha dontho la oilo papepala loyera, makilomita omwe yayenda, ndiponso kulemera kwenikweni kwa tirela ikadzaza, kuti ndikuuzeni ngati choziziritsira ndi valve body zikukwanirani kapena ngati giyabokosiyo iyenera kutsitsidwa.