Ulendo wa ku Kerala: fufutani malo atatu, achemwali

Achemwali, mwati mukupita ku Kerala, ku India, inu ndi abambo akunyumba, masiku khumi mu Januwale, ndipo mwandandalika malo asanu ndi awiri: Kochi, Munnar, Thekkady, Alappuzha, Varkala, Kovalam ndi Wayanad. Mwafunsa ngati zikutheka, komanso ngati boti logonamo lija la ku Alappuzha ndi loyenera ndalama zake. Mwezi mwasankha bwino, chifukwa mvula ya monsoon imayamba kumayambiriro kwa Juni n'kumagwa mpaka Seputembala, ina imabwera mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kuyambira Malichi kumatentha kwambiri. Koma malowo achuluka. Ndikupemphani mufufute atatu.

Vuto ndi misewu. Pamapu Kerala amaoneka kadera kowonda, kopanikizika pakati pa nyanja ya Arabian Sea ndi mapiri a Western Ghats, moti munthu amaganiza kuti kulikonse ndi pafupi. Kuchokera ku Kochi kukafika ku Munnar ndi makilomita pafupifupi 130, koma mutha maola anayi kapena kuposa. Kuchigwa matauni amangolumikizana, mabasi ndi njinga zamoto zili piringupiringu, pakuti anthu oposa 33 miliyoni ndi amene anawerengedwa m'kadera kameneka pa kalembera wa 2011. Mukayamba kukwera phiri, msewu umakhotakhota mpaka mutu kuzungulira. Wayanad ali kutali kumpoto, Kovalam ali kumapeto kummwera. Mukawaphatikiza onse, theka la tchuthi chanu lithera kumbuyo kwa dalaivala.

Choncho Wayanad ndi Kovalam achoke. Wachitatu musankhe pakati pa Thekkady ndi Varkala. Ngati mukufika sabata ziwiri zoyambirira za Januwale, ine ndingasiye Thekkady. Nthawi imeneyo ndi pachimake pa ulendo wachipembedzo wa ku kachisi wa Sabarimala, womwe umayamba pakati pa Novembala n'kufika pamwambo waukulu cha pa 14 Januwale, ndipo tauni ya Kumily, pomwe alendo a ku Thekkady amagona, ili panjira ya amwendamnjirawo. Komanso musapite ku nkhalango ya Periyar, yomwe ili ku Thekkady komweko, ndi mtima wokaona akambuku. Alimo, koma saoneka wamba. Chomwe mungayembekezere ndi njovu, njati zakutchire ndi mbalame m'mphepete mwa nyanja yomwe inapangika atamanga damu la Mullaperiyar mu 1895.

Kochi mumupatse mausiku atatu, ndipo mugone ku Fort Kochi, osati ku Ernakulam komwe kuli nyumba zazitali ndi phokoso. Anthu ambiri amangogonapo usiku umodzi, kujambula maukonde akuluakulu aja otchedwa cheena vala, mmawa n'kuthamangira kumapiri. Amataya zambiri. M'kadera koyenda wapansi muli tchalitchi cha St Francis chomwe Apwitikizi anayamba kumanga mu 1503, momwe anaika maliro a Vasco da Gama atamwalira mu 1524, mafupa ake asanawatengere ku Lisbon. Mwala wa pamanda ulipobe. Ku Mattancherry kuli nyumba yachifumu yomwe Apwitikizi anamangira mfumu ya Kochi cha m'ma 1555, Adatchi n'kudzaikonza atalanda mzindawo mu 1663, ndipo makoma ake ndi odzaza zithunzi za Ramayana, nkhani yakale ya Ahindu. Pafupi pomwepo pali sunagoge wa Paradesi wa mu 1568. Zonsezi anazibweretsa ndi tsabola wakuda: Aluya, Ayuda, Atchaina ndi Azungu ankatsata malonda ake, ena n'kukhazikika. Akhristu akumeneko amati chikhulupiriro chawo chinabwera ndi mtumwi Tomasi m'chaka cha 52, ndipo Asilamu amati mzikiti wa Cheraman ku Kodungallur ndi wa m'chaka cha 629. Ku Mattancherry musapite Lachisanu kapena Loweruka, chifukwa nyumba yachifumu imatseka Lachisanu, sunagoge Loweruka.

Madzulo amodzi mukaonere Kathakali, ndipo apa ndikuchondererani: mufike ola lathunthu gule asanayambe, nthawi yomwe ovina akudzola nkhope. Amagona chagada pansi, mnzawo n'kumawamata m'masaya mzere woyera wa phala la mpunga, pang'onopang'ono. Mitundu yake ili ndi tanthauzo. Nkhope yobiriwira ndi ya mfumu yolungama kapena mulungu, yobiriwira yokhala ndi zofiira m'mbali mwa mphuno ndi ya mfumu yodzikuza, wa ndevu zofiira ndi woipa wolusa. Ovinawo salankhula. Nkhani imaimbidwa ndi oimba kumbuyo, ng'oma ya chenda ikugunda, iwo n'kumaifotokoza ndi zala, maso ndi nsidze. Zizindikiro zoyambira za manja zilipo 24. Malo oonetsera alendo ku Fort Kochi amayamba afotokoza zimenezi asanavine, ndipo ngati mwaphonya gawo limenelo mudzangoona munthu wovala chisiketi chachikulu akutembenuza maso. Mukalimva, mumayamba kuwerenga nkhope ija, n'kuzindikira pomwe mkwiyo wasanduka chisoni. Dziwani kuti chomwe mudzaone ndi kachidutswa, pakuti m'makachisi gule ameneyu amachezera mpaka mbandakucha, ndipo ovina ake amaphunzira zaka zambiri, ena kusukulu ya Kerala Kalamandalam yomwe wandakatulo Vallathol Narayana Menon anakhazikitsa mu 1930.

Popeza mwati chikhalidwe ndicho chakukokani, pali china chomwe simunalembe koma chili m'nyengo yake mu Januwale: Theyyam, kumpoto, m'maboma a Kannur ndi Kasaragod. Ameneyu si gule woonetsa alendo. Ndi mwambo wopembedza wa m'tiakachisi ta m'midzi, wochitika kuyambira cha mu Okutobala mpaka Meyi, kawirikawiri usiku kapena m'bandakucha. Wovinayo akavala chisoti chake chachikulu ndi nkhope yofiira, anthu amamutenga ngati mulungu weniweni watsika, ndipo amafola kukamuuza mavuto awo. Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti ovinawa amachokera m'mafuko omwe kale ankaonedwa otsika, koma tsiku limenelo ngakhale wa m'banja lapamwamba amawerama pamaso pawo. Kuchokera ku Ernakulam kupita ku Kannur pasitima ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Ngati mtima wanu uli pamenepo, siyani Thekkady ndi Varkala onse awiri, masikuwo muwapereke ku Kannur, ndipo mugone kunyumba ya banja lolandira alendo, chifukwa eni nyumba ndi amene amadziwa mudzi womwe kuli mwambo usiku umenewo. Mukafika muvule nsapato, muime pomwe akuuzani, ndipo kamera isatsogole.

Ku Munnar mausiku awiri akwana. Tauni yeniyeniyo ilibe chokopa, funani pogona m'minda ya tiyi kunja kwake. Malowa ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Januwale kumazizira usiku mpaka chisanu kuyera pamasamba, choncho majuzi musasiye. Pitani ku Eravikulam National Park mmamawa mukaone Nilgiri tahr, mbuzi yakuthengo yomwe imapezeka m'mapiri amenewa okha, pansi pa phiri la Anamudi lotalika mamita 2,695, lalitali kuposa onse kummwera kwa India. Pakiyi imatsekedwa mu Febuluwale ndi Malichi pomwe nyamazi zikuswana, ndiye ulendo wanu usatsetserekere kumeneko. Wina akakulonjezani maluwa a neelakurinji omwe amasandutsa mapiri kukhala abuluu, musamumvere: amachita maluwa kamodzi pa zaka 12, ku Munnar anachita mu 2018, ndipo akuyembekezeka mu 2030. Pewaninso kufikako pa 26 Januwale, tsiku la tchuthi m'dziko lonse la India, chifukwa msewu umadzaza.

Tsopano za boti. Maboti amenewa, otchedwa kettuvallam, kale ankanyamula mpunga ndi zokometsera zakudya, ndipo matabwa ake ankamangidwa ndi zingwe za makoko a kokonati popanda msomali. Lero ali ndi zipinda, khitchini ndi wophika. Kugonamo usiku umodzi n'kosangalatsa, sindikana, ndipo nsomba ya karimeen yokulunga m'tsamba la nthochi imakoma pamadzipo. Koma dziwani chomwe mukugula. Mumakwera masana, boti limayenda maola ochepa, ndipo dzuwa lisanalowe limakocheza kuti asodzi aponye maukonde awo. Usiku wonse muli pagombe, nthawi zambiri pambali pa maboti ena ndi majenereta awo, mmawa mukangodya kadzutsa mwabwerera. Komanso boti lalikulu silingalowe m'tingalande ting'onoting'ono, momwe muli moyo weniweni wa anthu.

Malangizo anga ndi akuti mugone mausiku awiri kunyumba ya banja m'mphepete mwa madzi, kudera la Kuttanad kapena ku Kumarakom, kufupi ndi Alappuzha, n'kubwereka bwato laling'ono lopalasa mmamawa. Mudzadutsa pakhomo pa anthu, amayi akuchapa pamasitepe, ana akudikira boti la kusukulu, abakha mazanamazana akuwetedwa pamadzi. Mudzaonanso chinthu chodabwitsa: minda ya mpunga ili mmunsi, madzi a m'ngalande ali pamwamba, pakuti ku Kuttanad amalima pansi pa mulingo wa nyanja, atatchinga madzi ndi makoma a dothi n'kumawapopa. Kwerani ngakhale kamodzi boti la boma loyenda pakati pa Alappuzha ndi Kottayam, lomwe anthu amapitira kuntchito. Mtengo wake ndi marupi ochepa chabe. Ngati abambo atsimikiza mtima za kettuvallam, musalipire musanaone botilo ndi maso, mufunse ngati makina oziziritsa amayaka usiku wokha, ndipo muone majekete opulumutsira pamadzi. Mankhwala othamangitsa udzudzu akhale m'chikwama cham'manja.

Varkala ndi wopumulirako masiku omaliza: phompho lofiira pamwamba pa nyanja, ndi masitepe otsikira kumchenga. Mafunde ake amakoka, musambe pomwe pali olondera. Mukasankha Varkala, ndege yobwerera muikwerere ku Thiruvananthapuram, likulu la Kerala, kuti musabwererenso ku Kochi. Mumzindawo muli kachisi wotchuka wa Padmanabhaswamy, koma amalowamo Ahindu okha, chimodzimodzi ku kachisi wa Guruvayur. Musakhumudwe, ndipo musayese kuzemba. M'makachisi ena omwe amalola aliyense, mapewa ndi mawondo azikhala ophimbidwa, ndipo m'malo ambiri amuna amavula malaya. Mukaitanidwa ku sadya, chakudya cha mpunga ndi ndiwo zamitundumitundu patsamba la nthochi, mudye ndi dzanja lamanja.

Za Ayurveda, chithandizo chamakolo cha ku India, ndinene mwachidule. Kusisitidwa ndi mafuta ola limodzi kulibe vuto, koma chithandizo chenicheni chimatenga masabata ndipo chimafuna dokotala wake, monga ku Arya Vaidya Sala ya ku Kottakkal yomwe inayamba mu 1902. Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, musawasiye chifukwa cha wina wa m'kashopu ka pagombe.

Viza muipemphe pa intaneti kudzera patsamba la boma la India lenilenilo, chifukwa pali masamba ambiri ofanana nalo omwe amangowonjezera ndalama. Ngati mukuchokera kapena kudutsa m'dziko lomwe muli matenda a yellow fever, khadi la katemera likhale m'pasipoti, apo ayi akhoza kukusungani pabwalo la ndege. Ulendo wa kumapiri mubwereke galimoto ndi dalaivala wake, m'mphepete mwa nyanja mukwere sitima. Matikiti a sitima amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 60, ndipo chifukwa cha a ku Sabarimala aja, a mu Januwale amatha msanga. Choncho mugwirizane ndi abambo sabata ino ngati ndi Kannur kapena Varkala, kuti Novembala akamafika mukhale mukudziwa sitima yomwe mukufuna.