Kodi CDN ingafulumizitse manotsi anu ku Ngabu?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a sekondale ya masana ku Ngabu. Iwo ndi anzawo atatu anatsegula tsamba la pa intaneti pomwe amaikapo manotsi a Fomu 3 ndi Fomu 4, ena a PDF, ena ojambula mawu, kuti ana okonzekera MSCE azitsitsa okha. Analemba motere: "Fayilo imodzi ya Biology imatenga mphindi 10, nthawi zina imaduka pakati, mwana n'kuyambiranso bandulo itapita kale. Mphwanga wa ku Blantyre akuti tiike CDN, zonse ziziyenda ngati mphezi. Kodi n'zoona? Nanga zimafuna ndalama zingati?" Anawonjezera kuti tsambalo amalipira kukampani ina yomwe maseva ake (makompyuta osungirapo masamba a pa intaneti) ali ku Germany, ndipo mafayilo ambiri ndi a pakati pa 30 MB ndi 60 MB.

Aphunzitsi, mphwanuyo sananame za CDN, njira yosungira kopi ya mafayilo pafupi ndi owafuna, koma wakuuzani theka la nkhani. Theka linalo ndi lomwe likukhudza inuyo kwambiri.

Tiyambe ndi ulendo wa fayilo yanuyo. Munailemba ku Ngabu, mwana woifunayo ali ku Ngabu komweko, mwina nyumba yachitatu kuchokera kwanu. Koma akadina, pempho lake limakwera pansanja ya netiweki, n'kulowa m'zingwe za kampani yake ya foni, n'kutuluka m'dziko muno kudzera ku Mozambique, Tanzania kapena Zambia, chifukwa ife tilibe gombe pomwe zingwe za pansi pa nyanja zimatulukira. Likafika kunyanja limalowa m'zingwe ngati SEACOM, yomwe inayamba ntchito mu 2009, kapena EASSy ya mu 2010, mpaka ku Ulaya. Kenako fayilo iyambe ulendo wobwerera. Zili ngati thonje lathu lija: lilimidwe kuno, lipite kutali, libwere litasanduka chitenje.

M'chingwe cha faiba kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi. N'kuthamanga koopsa, komabe mtunda ndi mtunda. Tiyerekeze kuti njira ya zingwe yokafika ku Germany ndi makilomita 12,000. Kupita ndi kubwera kamodzi kumadya mamilisekondi 120, kopanda chotchinga chilichonse panjira. Ndipo foni ndi seva sizipatsana fayilo msangamsanga, zimayamba zalonjerana kaye ngati anthu a kumudzi: kugogoda, kuvomera, kugwirizana za chinsinsi cha HTTPS, kenako pempho lenileni. Maulendo atatu kapena anayi asanatuluke ngakhale mawu amodzi a Biology.

CDN ndi gulu la maseva omwazikana m'mizinda yambiri padziko, omwe amasunga kopi ya mafayilo anu pafupi ndi owafuna. Ganizoli si lachilendo, kampani ya Akamai inayamba nalo mu 1998, Amazon inatsegula CloudFront mu 2008, Cloudflare inabwera mu 2010. Mwini golosale wa pa Miseu Folo amalidziwa kale: ngati depoti ili pa Nchalo, sakwera mapiri a Thabwa kupita ku Limbe kukagula katoni imodzi ya sopo. Munthu woyamba kupempha fayilo yanu, seva ya pafupi imakaitenga ku Germany n'kusungako kopi. Wachiwiri, wachitatu mpaka wa 500 amangopatsidwa kopi ija. Kusungako kumatchedwa cache. Cloudflare inaika maseva ake ku Johannesburg mu 2014, CloudFront inafika ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2018, ndipo onse awiri ali ndi maseva ku Nairobi. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Johannesburg molunjika ndi makilomita pafupifupi 1,400 basi. Kusiyana kwake ndi Germany mukukuona nokha.

Mpaka pano mphwanu akulondola. Tsopano tengani choko, tiwerengere limodzi.

Fayilo ya 40 MB ndi mamegabiti 320. Ngati foni ya mwana ikulandira megabiti imodzi pa sekondi, zomwe si zachilendo madzulo anthu onse akakhamukira pansanja imodzi, fayiloyo itenga masekondi 320, kutanthauza mphindi 5 ndi masekondi 20. Netiweki ikatsika kufika pa kota ya liwiro limenelo, mphindi zipitirira 20. Nanga malonje aja omwe CDN imafupikitsa ndi aatali bwanji? Theka la sekondi, mwina kuposerapo pang'ono. Ndiye ngati chikuchedwetsa ndi kamtunda ka pakati pa nsanja ndi foni, mwapulumutsa theka la sekondi pa mphindi 5. Mwana wa ku Makhanga sadzaona kusintha kulikonse. Depoti mwaibweretsa pa Nchalo, inde, koma msewu wochokera pa Nchalo kukafika kumudzi ukadali wa matope omwe aja, ndipo katundu akadanyamulidwa pa njinga yomwe ija.

China chomwe ambiri sachidziwa: CDN sichepetsa bandulo ngakhale ndi MB imodzi. Fayilo ya 40 MB idya 40 MB kaya yachokera ku Frankfurt kaya ku Johannesburg. Ndipo m'kalata yanu, mawu omwe andikhudza kwambiri ndi akuti "bandulo itapita kale".

Sindikunena kuti CDN ndi yachabe. Pali pomwe imathandiza zenizeni. Fayilo imayenda m'tizidutswa, ndipo netiweki ya foni imataya tizidutswa tina panjira. Kachidutswa kakatayika, seva iyenera kumva kaye kuti katayika isanatumizenso, ndipo imachepetsa liwiro mwadala poganiza kuti msewu wadzaza. Seva ikakhala kutali, kumvana kumeneku kumachedwa ndipo liwiro limabwerera pang'onopang'ono. Ikakhala pafupi, limadzuka msanga. Choncho panetiweki yodukaduka phindu limaposa theka la sekondi lija. Chachiwiri, makampani otchipa osungira masamba amaunjika masamba mazanamazana pa seva imodzi. Usiku woti mawa kuli mayeso, ana 200 akapempha fayilo imodzi nthawi imodzi, sevayo imagwada. CDN katundu wotereyu imanyamula osamva. Chachitatu ndi zingwe za m'nyanja. Pa 12 May 2024 zingwe za SEACOM ndi EASSy zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti inakwawa m'maiko ambiri a kuno kummawa, Malawi yemwe. Tsiku lotero, chinthu chomwe chili ndi kopi m'mizinda ingapo chimakhala ndi mwayi wopeza njira ina kusiyana ndi chomwe chili pamalo amodzi kutsidya kwa nyanja.

Koma nsanja ikazima palibe CDN yomwe ingakuthandizeni. Inu a kuchigwa simufunika kukumbutsidwa za January 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, kapena za Freddy mu March 2023.

Palinso kamsampha kena ka masamba ang'onoang'ono ngati lanu. Seva ya ku Johannesburg siisunga fayilo yanu mpaka kalekale. Malo akachepa imataya zomwe sizikufunidwa kawirikawiri. Manotsi a Geography omwe amatsitsidwa kawiri pa mwezi, pafupifupi nthawi zonse adzapezeka atatayidwa, n'kukatengedwanso ku Germany. Omwe apindule ndi mafayilo otentha, aja ofunidwa ndi kalasi yonse sabata imodzi.

Ndikanakhala ine, CDN ikanakhala ntchito yachiwiri. Yoyamba ndi kuonda kwa mafayilo. Chifukwa chiyani manotsi a Biology akulemera 40 MB? Ndikuganiza kuti ndikudziwa: munajambula masamba a kope ndi kamera ya foni, chithunzi chilichonse 2 MB kapena 3 MB, n'kuzimanga pamodzi kukhala PDF. Masamba 20 omwewo mutawataipa, sangafike ngakhale 1 MB. Ngati nthawi yotaipa palibe, gwiritsani ntchito pulogalamu ya sikana ya pafoni, musankhe zakuda ndi zoyera, osati zamitundu, pa 150 dpi. Zilembo zimawerengeka bwinobwino. Zojambula za mtima ndi impso zokha ndizo zingafune mtundu.

Mawu ojambula nawonso chimodzimodzi. MP3 ya 128 kbps imadya 57.6 MB pa ola limodzi. Muyezo umenewo ndi wa nyimbo, wa gitala ndi ng'oma. Mawu a mphunzitsi mmodzi akufotokoza photosynthesis amamveka bwino pa 32 kbps ya mono, ndipo ola lomwelo limatsika kufika pa 14.4 MB. Pulogalamu yaulere ya Audacity imachita zimenezi. Khalanibe pa MP3, chifukwa ngakhale kafoni kamabatani kamaiseweretsa kuchokera pa memori khadi. Kenako dulani phunzirolo m'zigawo zinayi za mphindi 15, chilichonse 3.6 MB. Chikaduka pakati, mwana wataya pang'ono, osati bandulo yonse. Apa mwachepetsa nthawi ndi ndalama kanayi, musanalipire aliyense tambala.

Mukatero, ikani CDN, chifukwa kwa inu mwina siidya ndalama n'komwe. Cloudflare ili ndi pulani yaulere. Chofunika n'choti dzina la tsamba likhale lanulanu, kuti muthe kusintha ma nameserver ake (omwe amalozera anthu komwe tsambalo lili) kuloza kwa iwo. Mafayilo a PDF, MP3 ndi ZIP amasungidwa mu cache mwa okha, bola iliyonse isapitirire 512 MB. Chenjezo ndi lakuti malamulo a pulani yaulereyo salola kuigwiritsa ntchito makamaka pogawa mavidiyo ndi mafayilo akuluakulu osungidwa kwina. Tsiku lomwe mudzayambe kujambula mavidiyo, aikeni pa YouTube, kapena musamutsire mafayilo ku R2, nkhokwe ya Cloudflare yomweyo, yomwe imapereka 10 GB yaulere ndipo siilipiritsa anthu akamatsitsa. CloudFront nayo imapereka 1 TB yaulere mwezi uliwonse, yomwe sukulu yanu singaimalize, koma kuikonza kwake n'kwa munthu wozolowera, ndipo akaunti ya Amazon imafuna khadi ya kubanki yolipira m'madola. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira, kwachanso itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ine sindingalangize mphunzitsi kumangirira khadi yake ku chinthu chomwe bilu yake imadalira kuchuluka kwa otsitsa. Munthu mmodzi wamwano akhoza kuika linki yanu pamalo olakwika, inu n'kudzuka ndi ngongole.

Pali cholakwa chimodzi chomwe ndinachitapo ine, musachibwereze. Ndinakonza nambala yolakwika mu PDF ina, n'kuikanso pa seva ndi dzina lomwelo. Kwa ine zinaoneka kuti zatheka, koma anthu anapitiriza kulandira yakale ija kwa masiku angapo, chifukwa CDN inali ikugawabe kopi yake. Mungathe kuilamula kuti ifufute kopiyo, batani lake limatchedwa purge, koma njira yosavuta ndi kusintha dzina: biology-f4-v2.pdf m'malo mwa biology-f4.pdf. Taganizani yankho lolakwika la Masamu likuzungulira Chikwawa yense sabata ya mayeso.

Funso lina loti mufunse ana anu mawa m'kalasi: amagula bandulo yanji? Ndikukayika ngati ambiri amagula ya intaneti yonse. Ochuluka amagula ya WhatsApp yokha chifukwa ndi yotsika mtengo, ndipo ndi bandulo imeneyo tsamba lanu silitseguka n'komwe, likhale pa CDN kapena ayi. Pomwe fayilo yomweyo mukaiponya pagulu la WhatsApp la kalasi, imawafikira, ndipo imayenda pa maseva a Meta omwe ali kale ponseponse. Tsambalo likhale nkhokwe yosungiramo zonse mwadongosolo, koma kugawa kwa tsiku ndi tsiku kudutse komwe kuli anawo.

Ndipo pasukulu penipeni intaneti siifunika n'komwe. Ana 60 a kalasi imodzi kutsitsa fayilo imodzi ka 60 ndi kuwotcha ndalama. Mmodzi atsitse, enawo alandire pa Xender, SHAREit kapena Bluetooth. Anyamata obena nyimbo pa msika wa Ngabu ndi wa Bangula akhala akuchita zimenezi zaka zambiri: kopi imodzi pa kompyuta, mamemori khadi mazana. Imeneyo ndi CDN yeniyeni, kungoti ilibe dzina lachizungu. Apatseni foda ya manotsi, muone ngati siifika ku Marka mwezi usanathe. Sukulu ikakhala ndi laputopu imodzi ndi rauta, pulogalamu yaulere ya Kolibri imagawa maphunziro pa Wi-Fi popanda intaneti. Ingoikani zipangizozo pamthunzi podutsa mphepo, kutentha kwa October kwanuko kumapitirira madigiri 40 ndipo rauta nayo imakomoka.

Musanasinthe chilichonse, yesani izi kuti mudziwe pomwe pali vuto. Madzulo cha m'ma 7, pafoni imodzi, pamalo amodzi, tsitsani fayilo ya patsamba lanu n'kulemba nthawi yomwe yatenga. Kenako tsitsani fayilo yomweyo mutaiika pa Google Drive. Zonse ziwiri zikachedwa mofanana, vuto ndi nsanja, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa mafayilo. Ya Google ikathamanga yanu ikukwawa, vuto ndi seva ya ku Germany kapena njira yopitira kumeneko, ndipo CDN ikuthandizani ndithu. Bwerezaninso mbandakucha, komanso ndi simu ya TNM ndi ya Airtel payokhapayokha, popeza makampani awiriwa satulukira khomo limodzi.

Mukadzaika Cloudflare, lembani dzina la tsamba lanu mu Chrome, kumapeto kwake muwonjezere /cdn-cgi/trace. Patuluka mizere ingapo, yang'anani mzere womwe ukuyamba ndi mawu akuti colo. Zilembo zitatu zotsatira ndi za bwalo la ndege la mzinda womwe ukukutumikirani: JNB ndi Johannesburg, NBO ndi Nairobi, koma mukaona FRA, LHR kapena MRS, ndiye kuti kampani yanu ya foni ikukupititsanibe ku Frankfurt, London kapena Marseille. Munditumizire zilembozo pamodzi ndi nthawi zomwe mwalemba zija, za simu zonse ziwiri, ndipo ngati muli ndi mnzanu wa ku East Bank, naye ayese ali kwawoko.