Mwana wanu akadzayamba ntchito, pali zina sadzakuchitirani

Mayi wina wa ku Linthipe m'boma la Dedza wafunsa motere: mwana wawo wamkazi wakhoza bwino MSCE ndipo mtima wake uli pa unamwino, uphunzitsi kapena zowerengera ndalama. Amalume ake akuti asankhe unamwino kuti abale azipeza mankhwala mosavuta, pomwe ena akuti zandalama ndiye "zili ndi kotolera". Mayiwo akufuna kudziwa ngati ntchitozi zili ndi malamulo akeake, komanso chomwe chimachitika munthu akawaphwanya.

Mayi, malamulo alipo, ndipo zifukwa ziwiri zomwe abale aperekazo ndi zomwe zimachotsetsa anthu ntchito. Ntchito iliyonse mwa izi ili ndi bungwe lomwe limalemba anthu ake m'kaundula, ndipo bungwelo lili ndi mphamvu yolanda chiphaso. Bwana akakuchotsa umakafunsira kwina, koma bungwe likakufufuta m'kaundula, satifiketi ya kukoleji imangokhala pepala la m'sutikesi.

Tiyambe ndi unamwino poti ndi umene wavuta pakhomo. Anamwino ndi azamba ali pansi pa Nurses and Midwives Council of Malawi, pomwe madokotala ndi ma clinical officer ali pansi pa Medical Council of Malawi. Mwana akamaliza koleji amalembanso mayeso a khonsolo ya anamwinoyo asanaloledwe kugwira ntchito ngati namwino. Lamulo lolemera kwambiri ndi kusunga chinsinsi. Mpongozi wanu akapita kukayezetsa magazi n'kupeza mwana wanuyo ali pa ntchito, inu simudzamva kanthu, ngakhale mufunse mokoma bwanji madzulo mukusenda mbatata. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi chimenechi. Masiku ano ambiri akugwa chifukwa cha foni: kujambula bala la wodwala kapena buku lake la kuchipatala n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la anzawo a kusukulu. Ngakhale nkhope isaoneke, kumudzi anthu amazindikirana ndi chitenje chomwe.

Za mankhwala nazo n'zokhwima. Asanapereke, namwino amatsimikiza zinthu zisanu: wodwala ndi yemweyo, mankhwala ndi omwewo, mlingo wake, nthawi yake, ndi njira yoperekera, kaya kumwa kapena jekeseni. Akapereka amalemba ndi kusayina nthawi yomweyo. Akalakwitsa polemba safufuta, amadula mzere umodzi kuti zoyambazo ziziwerengekabe, n'kusayina pambali. Cholakwa chofala ndi kulemba kuti wodwala walandira mankhwala a 2 koloko usiku pomwe sanalandire. Wobwera m'mawa amakhulupirira fayiloyo, dokotala n'kuganiza kuti mankhwalawo sakugwira, n'kusintha chithandizo pachabe. Tsono kutenga LA kapena amoxicillin wa boma kupita naye kumudzi kwa amalume ndi kuba, ndipo kumafikitsa munthu kupolisi. Kupatulapo mlanduwo, mankhwala omwedwa osayezetsa ndi amene amachititsa kuti tizilombo tisamamvenso mankhwala.

Uphunzitsi ambiri amauona ngati wopepuka pa nkhaniyi, koma si choncho. Mphunzitsi amakhala ndi ana a eni tsiku lonse makolo palibe, nthawi zina pa sukulu ya kutali komwe alangizi a zamaphunziro amafikako patalipatali. Kaya akaphunzira pa St Joseph's ku Bembeke kapena koleji ina, adzakhala pansi pa Teachers Council of Malawi, yomwe inabwera ndi lamulo la maphunziro la 2013. Chibwenzi ndi wophunzira n'choletsedwa kotheratu, ndipo chiyambire 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kutuma ana a sukulu kukapalira m'munda mwa aphunzitsi, kuonjezera malikisi a mwana wa mnzako, kulekerera likasa m'chipinda cha mayeso, zonsezi ndi milandu ya ntchito. Tisaiwale 2020, pomwe mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anatuluka nthawi isanakwane. Ana a m'dziko lonse, ndi amene sanaone n'komwe mapepalawo, analembanso mu 2021.

Muone apa kuti udindo umasiyana. Namwino amatseka pakamwa pa za wodwala wamkulu, koma mphunzitsi akamva kuti mwana akuchitidwa nkhanza kunyumba, kukhala chete ndiye kulakwa. Ayenera kuuza ahedi kuti nkhani ifike kwa a zachitetezo cha ana kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Loya naye amasunga zomwe kasitomala wamuuza ngakhale zili zonyansa, koma saloledwa kunamiza khoti, ndipo ndalama za kasitomala amazisunga ku akaunti yapadera, osazisakaniza ndi zake. Ndiye posankha ntchito mwana adzifunse kuti mtolo uti angausenze.

Zowerengera ndalama zili pansi pa ICAM, bungwe la akatswiri a ntchitoyi, ndi Malawi Accountants Board. Mfundo zawo ndi zisanu: kuona mtima, kusakondera, kuidziwa bwino ntchito ndi kuigwira mosamala, kusunga chinsinsi, ndi khalidwe losanyozetsa ntchitoyo. Mu ofesi izi zimaoneka pa tinthu ting'onoting'ono. Wolemba voucher, chikalata chopempha kuti ndalama zilipidwe, asakhale yemweyo wovomereza, ndipo wovomereza asakhale wolipira. Cheke chosalembedwa sachisayiniratu "kuti zisachedwe". Password ya kompyuta sabwerekana, chifukwa ndalama zikasowa dzina lotuluka ndi la mwini password. Alawansi ya msonkhano womwe sunapiteko susayinira. Cashgate ya 2013 inayenda m'njira zoterezi, kulipira makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse kudzera m'makompyuta a boma, ndipo ena mwa omwe anakalowa kundende anali ogwira ntchito za maakaunti. Mawu oti "kotolera" aja ndikupemphani musawalole pakhomo panu. Mwana amene wawamva kwa akulu ake asanayambe n'koleji komwe amakalowa mu ofesi akudziwa kuti kwawo akudikira zoposa malipiro ake.

Zomwezi zikukhudza wa kasitomu pa chipata cha Dedza kapena Biriwiri, ndi wa zankhalango wophunzira ku Chongoni amene mawa adzakumana ndi matumba a makala a mnansi wake. Lamulo lothana ndi katangale la 1995, lomwe linakhazikitsa ACB, limagwira wolandira ndi wopereka yemwe, ngakhale itchedwe "ya Fanta".

Chochita panopa n'chochepa. Musanalipire fizi kulikonse, funsani ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, komanso ndi bungwe la ntchitoyo, chifukwa wophunzira unamwino pa sukulu yosavomerezeka saloledwa kulemba mayeso a khonsolo. Mwana apemphe kabuku ka malamulo a ntchitoyo akangolowa koleji, asadikire chaka chomaliza, poti wophunzira ali pa mapulakitiko m'wodi kapena m'kalasi amamangidwa ndi malamulo omwewo. Adziwenso chochita bwana akamulamula zokhota: apemphe mwaulemu kuti lamulolo lilembedwe, alembe tsiku ndi nthawi m'kabuku kake, asasayine chomwe sanaone ndi maso, ndipo zikapitirira akanene kwa wamkulu wina kapena ku bungwe lake. Kunena kuti "anandituma ndi abwana" sikumasula munthu amene siginecha yake ili papepala.

Ndipo khalani nawo pansi amalumewo mwana asanasankhe. Auzeni kuti akadzadwala adzaima pamzere ngati wina aliyense, kuti mdzukulu wawo akalephera mayeso adzabwereza kalasi, ndipo kuti thandizo la mwanayu pakhomo lidzachokera m'malipiro ake a pamwezi.