Mabisiketi a jinja a mwana amene ali kutali

Amayi ena a ku Katete andilembera imelo. Mwana wawo wamkazi ndi nesi ku Leeds, mzinda wa ku Britain, ndipo akufuna kumutumizira chophika ndi manja awo chimene sichingawonongeke panjira. Amayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu misozi ili m'maso, chifukwa mwandikumbutsa chaka chimene mwana wanga woyamba anapita kukoleji ku Kitwe.

Unali mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. Ndinachezera usiku kukazinga vitumbuwa beseni lonse, ndinaphikanso chikanda poti mnyamatayo sachiona kawiri. Mabasi a ku Lusaka amanyamuka kusanache, ndiye ndinalongedza zonse zikadali zotentha m'pepala la pulasitiki, n'kumanga ndi mphira, ulendo kusiteshoni. Kuchoka kuno ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, ndipo katoniyo inagonanso kumeneko kudikira basi ina. Tsiku lachinayi anandiimbira: "Amama, zafika, zikomo." Basi, mawu omwewo. Patapita miyezi ndi pamene anaulula kuti chikanda chinafika chitasasa, vitumbuwa vitachita nkhungu. Anataya zonse. Chimene anadya ndi nsawa zokazinga zimene ndinangoponyamo kuti zitseke mpata m'katoni.

Abale ena anandiuza kuti ndisiye kudzivutitsa, ndizingomutumizira ndalama pafoni akagule yekha. Ndinakana ndipo ndikukanabe. Ndalama tizitumiza ndithu, koma mwana akatsegula chitini n'kumva fungo la kukhitchini kwa amake, usiku umenewo amagona ngati ali kwawo. Cholakwa changa chinali chimodzi, chinyezi. Agogo athu ankachidziwa bwino chimenechi, n'chifukwa chake ankafutsa nkhwani ndi khwanya kuti ndiwo zifike chilimwe. Nsomba zimene timagula pa Luangwa Bridge zimafika nazo kutali chifukwa ndi zouma. Za nsawa ndiwonjezepo: zisankheni imodziimodzi, yachuku ndi yonyala tayani. Poizoni wa chuku amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Zimandiwawa kuona anthu akugulitsa zabwino kumsika, zachukuzo n'kusinjira ana awo.

Tsono mabisiketiwo

Ufa wa tirigu makapu 3, shuga wabulauni kapu 1, majarini magalamu 125, uchi masupuni aakulu 4, dzira 1, jinja wa ufa masupuni aang'ono 3, sinamoni supuni yaing'ono 1, soda supuni yaing'ono 1. Sungunulani majarini, shuga ndi uchi, zikazizira thiranimo dzira ndi zouma zonse. Umbani timipira, tiphwathalitseni kuti tikhale topyapyala, phikani pa madigiri 180 kwa mphindi 12 mpaka 15. Ine ndinayambira pambaula, mchenga pansi pa poto ndi makala pachivundikiro, ndipo amapsa bwinobwino. Akapsa ndimawabwezera muuvuni woti wazimitsidwa kuti aumiretu mpaka azithyoka kuti khwa. Shuga ndi uchi zimamanga madzi otsalawo, ndiye nkhungu imasowa poyambira. Ouma chonchi amakhala milungu ingapo, ndipo jinja amamveka kwambiri pakapita masiku.

Azizire kotheratu, amayi, ngakhale usiku wonse. Kenako m'chitini chotseka bwino, pepala pakati pa mizere, ndi kutseka mipata yonse kuti asagwedezeke. Ku Britain salola nyama ndi za mkaka zochokera kuno, ngakhale papositi, choncho nyama youma musaikemo. Mabisiketi opanda kirimu amaloledwa. Pafomu ya kasitomu lembani momveka kuti ndi mabisiketi a jinja ophika pakhomo. Ngati pali wodziwika amene akukwera ndege, mupatseni ameneyo, afika m'masiku awiri. Muike kakalata ka dzanja lanu pansi pa chivundikiro, ndipo mwanayo akakuimbirani kuti zafika, mumufunse bwino kuti zafika zotani.