Foni yabedwa, zithunzi za mwana zapita nayo

FUNSO: Bambo, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Ndirande. Mwezi wathawu andibera foni mu minibasi ndikuchokera ku Limbe. Foniyo siikundiwawa kwambiri, ndapeza kale ina. Chikundisowetsa tulo ndi zithunzi ndi mavidiyo a mwana wanga woyamba, amene pano ali ndi zaka zinayi. Munali zonse: tsiku lomwe tinatuluka m'chipatala, akuyamba kukwawa, dzino loyamba, akuvina pa chinkhoswe cha mng'ono wanga. Sindinatsukitsepo ngakhale chimodzi. Bambo ake ali ku Johannesburg, amabwera pa Khirisimasi basi, ndiye zambiri ndinkajambulira iwowo. Pano ndili ndi khanda la miyezi inayi. Kodi pali njira yoti zakale zija zibwerere? Nanga ndichite chiyani kuti za wamng'onoyu zisadzatayikenso? Mayi wa ku Ndirande

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri. Ndikudziwa kuti ena akuuzani kale kuti bola mwana ali moyo, zithunzi n'chiyani. Inde mwana ali moyo, koma kakhanda kaja kankakwawa pamkeka sikadzabweranso, ndipo zithunzizo ndiye zinali njira yokaoneranso. Kudandaula kwanu n'komveka.

Komabe musayambe kulira maliro. M'kalata mwanu mwanena kuti zambiri munkajambulira bambo a mwana, ndiye kuti munkawatumizira. Chilichonse chimene chinadutsa pa WhatsApp n'kufika ku Joni chili m'foni mwawo, pokhapokha ngati anafufuta kapena nawonso anataya foni. Aimbireni lero lomwe, musadikire Khirisimasi. Atsegule macheza anu, adine pa dzina lanu pamwamba paja, alowe pomwe pamaunjikana zithunzi ndi mavidiyo onse amene munatumizirana, kenako akubwezereni pang'onopang'ono monga data ikulolera. Mukatero yendani mwa abale. Funsani mng'ono wanu wa chinkhoswe uja, agogo a mwana, a pagulu la WhatsApp la banja, ngakhale amayi a kumpingo amene anabwera kudzaona khanda litatuluka m'chikuta. Ngati munaikapo zina pa Facebook, zilipobe, lowani muzitsitse. Sizidzawala ngati mmene zinalili poyamba, chifukwa WhatsApp ndi Facebook zimachepetsa chithunzi kuti chidutse msanga, koma nkhope ya mwana idzaoneka.

Palinso khomo lina. Foni za Android, kaya Tecno, itel kaya Samsung, zimagwira ntchito ndi akaunti ya Google, ndipo ambirife amatitsegulira ndi mnyamata wa pamalo pomwe tagula foni, ife osalemba paliponse. Ngati mukuikumbukira imelo yakaleyo ndi password yake, tsegulani Google Photos, pulogalamu ya Google yosungira zithunzi pa intaneti, pa foni yatsopanoyi n'kulowa ndi akaunti yakaleyo. Ngati backup, ija yoti foni izitumiza yokha zithunzi ku akauntiyo, inali yoyatsa, mudzazipeza zithunzi zili phee kukudikirani. Ngati password munaiwala, tengani chiphaso chanu cha unzika mupite ku ofesi ya Airtel kapena TNM akakupatseni simu ya nambala yomwe ija, chifukwa Google imatumiza manambala achinsinsi ku nambala imene munalembetsa. Nambala yomweyo ingabwezenso macheza a WhatsApp ngati ankasungidwa ku Google Drive, malo a Google osungira mafayilo pa intaneti. Musachedwe nazo. Nambala ikakhalitsa osagwira ntchito amaipereka kwa wina, ndipo kuyambira Disembala 2023 Google ikhoza kufufuta akaunti imene yatha zaka ziwiri osatsegulidwa.

Sindikulonjezani kuti zonse zibwerera. Zimene simunatumizire munthu aliyense, ngati backup inali yozimitsa, zapita ndi foniyo.

Ine ndinayamba kujambula mu 1994, ndikuyenda panjinga m'midzi ya ku Thyolo ndi kamera ya filimu. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ndipo ikadzaza ndinkakwera basi kukatsukitsa ku Blantyre. Anthu ankasamba, kuvala zakutchalitchi, kuima chilili kutsogolo kwa maluwa, n'kulipira chithunzi chimodzi. Mwana wanga wamkazi atabadwa ndinkamusungira malo awiri kapena atatu pa filimu iliyonse, moti pofika zaka zisanu anali ndi zithunzi zambiri kuposa mwana aliyense m'mudzimo. Zonse pamodzi ndi manegetivu ake ndinazitsekera m'sutikesi ya chikopa pansi pa bedi, ndili ndi mtima woti ndazisunga bwino. Dzinja lina tinachokapo miyezi iwiri kukadwazika mayi anga. Pobwera ndinapeza chiswe chitaboola pansi, chitalowa m'sutikesi, n'kusandutsa zonse dothi. Ndinakhala pansi pomwepo osatha kuyankhula. Lero ndili ndi zithunzi zitatu zokha za ubwana wake, ndipo zitatuzo ndi zimene ndinatumizira mchemwali wanga ku Kasungu m'kalata. Zimene ndinaumira ndekha zinatha, zimene ndinagawira wina ndi zimene zinabwerera kwa ine. Inunso mukuona zomwezo: chiyembekezo chanu chili m'foni ya ku Joni.

Ndiye kwa khandali, chithunzi chilichonse chimene mukuchikonda chikhale m'malo atatu, ndipo malo amodzi akhale kunja kwa nyumba yanu. Foni ndi malo oyamba. Achiwiri ndi Google Photos, imene imapereka 15 GB yaulere pa akaunti iliyonse. Malowo amagawana ndi Gmail ndi Google Drive, ndipo vidiyo ndi imene imawadya kwambiri: mphindi imodzi ikhoza kufika pafupifupi 100 MB, pomwe chithunzi chimodzi chimangotenga ma MB ochepa. Choncho musamatumizeko chilichonse. Sankhani, ndipo muzichita zimenezi mukagula bandulo yotchipa ya usiku kapena mukapeza Wi-Fi. Imelo ndi password muzilembe m'kabuku, kabukuko kakhale pamodzi ndi mapepala a ukwati ndi mabuku a kusikelo. Malo achitatu ndi m'bale. Potumizira bambo a ana zithunzi zofunika, musamazitumize mwachizolowezi. Dinani pa kachizindikiro kotumizira zinthu, musankhe document, ndipo chithunzi chidzafika chathunthu osachepetsedwa.

Memory card ndi fulashi n'zothandiza, koma musaziyese nkhokwe. Zimafa mwadzidzidzi popanda chenjezo. Pamsika palinso makadi achinyengo olembedwa 64 GB pomwe mkati muli malo ochepa, ndipo akadzaza amangowononga zakale mwakachetechete, inu n'kumaona mayina a zithunzi koma zosatseguka. Amayi ambiri abwera kwa ine ndi makadi otere, ndipo palibe chimene ndinatha kuwachitira.

Koposa zonsezi, tsukitsani. Sindikunena mazanamazana. Miyezi itatu iliyonse sankhani zisanu kapena khumi, mupite nazo ku situdiyo akakutsukireni pa pepala lenileni la zithunzi, la saizi wamba ija ya masentimita 10 kwa 15. Musalole kuti angokusindikizirani pa pepala la ofesi ndi inki ya printer, zimenezo zimafwifwa msanga. Chabwino kwambiri mutsukitse ziwiri, china chipite kwa agogo kumudzi. Chithunzi cha papepala sichifuna magetsi, sichifunsa password, ndipo mwana wazaka zinayi akhoza kuchigwira yekha n'kufunsa kuti uyu ndani.

Funso limenelo la "uyu ndani" lisakudutseni. Kuseri kwa chithunzi chilichonse lembani ndi pensulo yofewa dzina la mwana, tsiku, malo, ndi mayina a onse amene akuonekapo. Bolopeni imadinda mpaka kumaso ndipo inki yake imapakira chithunzi chinzake. Kwathu kuli chithunzi chakale cha mayi anga atanyamula khanda pakhonde. Tinabadwa asanu ndi awiri, ndipo aliyense amati khandalo ndi iyeyo. Amene akanatiuza anagona kale. Mawu anayi okha kuseri kwake akanathetsa nkhaniyo.

Posunga, zikhale m'alubamu ya matumba a pulasitiki, osati ija yomata, chifukwa guluu wake amadya chithunzi pakapita zaka. Alubamuyo ilowe m'chidebe cha pulasitiki chotseka bwino, chikhale pamwamba, kutali ndi khoma limene limachita chinyontho nthawi ya mvula. Musachite laminate chithunzi chimene muli nacho chimodzi chokha, chifukwa pulasitiki yotenthetsayo ikamata siichokanso. Chopachika pakhoma chikhale chachiwiri, popeza dzuwa lolowera pawindo limachifwifwitsa.

Tsopano za kujambula kwenikweniko, zimene ndimazikonda kuposa zonsezi. Anthu amatulutsa foni pa tsiku lakubadwa, pa ubatizo, pa tsiku loyamba la sukulu. Zimenezo n'zabwino, jambulani. Koma zimene mwana adzaziyang'anitsitse akadzakula ndi za tsiku wamba. Mujambuleni akulendewera pa sikelo ku chipatala, akudya phala litapakika mpaka m'makutu, ali kumsana kwanu inu mukukupiza mbaula. Wamkuluyo mumujambule akuphika masanje, akuyendetsa galimoto ya mawaya, akuthamangitsa mpira wa chikulunga ndi anzake a pamdadada. Musamachotse nyumba m'chithunzi chifukwa choti khoma ndi losapaka kapena pakhomo pali ndowa. Zaka 20 zikubwerazi mudzakhala mutasamuka, ndipo khoma limenelo ndi limene mwana adzalilozere n'kunena kuti apa ndi pamene tinkakhala.

Pukutani galasi la kamera ndi nsonga ya chitenje musanajambule, chifukwa zithunzi zambiri zachimbuuzi vuto lake ndi mafuta a m'manja basi. Gwadani kuti foni ifanane msinkhu ndi mwana. Dzuwa kapena khomo lowala likhale kumbuyo kwanu, osati kumbuyo kwa mwana. Pa vidiyo gwirani foni mopingasa ndi manja awiri, ndipo poyamba penipeni nenani mokweza tsiku ndi malo, kuti ngakhale vidiyoyo idzadutse m'mafoni khumi, tsikulo lidzayende nayo. Theka la mphindi kapena mphindi imodzi yakwana. Musamuuze mwana kuti aseke kapena ayang'ane kuno. Mufunseni funso, mumusiye ayankhe m'chilankhulo chake chopotoka chija, chifukwa chimenecho chimatha msanga kuposa nkhope. Mukapita kumudzi, ikani foni pambali madzulo agogo akamati "padangotero" ana n'kuyankha "tili tonse". Ngakhale kuli mdima ndipo sipakuoneka kanthu, mawuwo alowa.

Ndipo inuyo, mayi, muzionekamo. M'mafoni ambiri amene ndimatsukamo zithunzi muli ana okhaokha, mayi kulibe, chifukwa ndi iye wagwira foni. Patsani mnansi akujambuleni mutanyamula khandalo, ngakhale muli ndi duku la pakhomo.

Chomaliza, si chithunzi chilichonse choyenera pa Facebook kapena pa status. Cha mwana ali maliseche m'bafa, kapena chimene chikuonetsa yunifolomu ndi dzina la sukulu yake, chikhale cha m'banja mokha. Chikatuluka simungachibwezenso.

FUNSO: Achimwene, ndine bambo wa ku Mulanje. Namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la nyumba yathu mu Marichi 2023, alubamu ya ana inanyowa. Tinaiyanika, koma zithunzi zina zinamatirirana mpaka lero ndipo zikuchita chuku. Ndilinso ndi tepi ya VHS ya ubatizo wa mwana wathu woyamba mu 1999, imene inapulumuka chifukwa inali pamwamba pa kabati. Nditani nazo? Bambo wa ku Mulanje

YANKHO: Achimwene, pepani ndi zimene munadutsamo. Musazikoke zomatiriranazo zili zouma, nkhope zidzatsalira pa chinzake. Yambani mwajambula ndi foni chilichonse chimene chikuonekabe, muli pamthunzi powala bwino, osayatsa flash. Mukatero yesani ziwiri zimene si zofunika kwambiri: ziviikeni m'madzi oyera ozizira kwa kanthawi, muone ngati zilekana zokha popanda kukakamiza. Zikalekana, ziyaleni chagada pa nsalu yoyera m'nyumba modutsa mphepo, osati padzuwa, ndipo musakhudze kumaso kwake mpaka zitauma. Mukaona mtundu ukusungunuka m'madzimo, lekani, zotsalazo zisiyeni momwemo. Za chuku zikauma zipukuteni mopepuka ndi thonje louma muli panja, ndipo muzisunge pazokha kuti zisapatsire zinzake.

Tepiyo ndiye yofulumira nayo. Riboni ya VHS imafooka ndi zaka, makamaka kumalo achinyontho ngati kwanuko, ndipo makina oonetsera matepiwa anasiya kupangidwa mu 2016, moti otsala akunka nachepa. Yang'anani pa kawindo kake: mukaona zoyera ngati ufa pa riboni, musaiike m'makina aliwonse isanatsukidwe ndi munthu wodziwa. Ngati ili yoyera, funsani kwa anthu ojambula mavidiyo a maukwati, makamaka achikulire amene anayamba ntchitoyi nthawi ya matepi, ku Limbe kapena ku Blantyre. Auzeni akuikireni pa fulashi ngati fayilo ya MP4, osati pa DVD yokha, ndipo muionere pomwepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza musanalipire. Tepiyo mubwere nayo kunyumba, ndipo fayiloyo mumutumizire mwini ubatizoyo tsiku lomwelo.