Nyanja imene ndinaipeza pa phiri la Dedza

Chemwali wina wa ku Ntcheu, yemwe ali pasukulu ku Mozambique, wandilembera imelo. Amupatsa ntchito yopanga mapu a ma coral (tizamoyo ta m'nyanja yamchere tomanga miyala pansi pa madzi) a ku zilumba za Quirimbas kuchokera pa zithunzi za setilaiti, ndiye akufunsa ngati angamalize zonse pa laputopu osanyowetsa phazi.

Chemwali, mwanditokosola pachilonda.

Nditangophunzira QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira mapu, ndinkadziona ngati katswiri. Ndinakoka chithunzi cha setilaiti ya Landsat 8, paja zithunzi za Landsat n'zaulere kuyambira 2008, ngakhale bandulo yokha inanditsuka m'thumba. Unali mwezi wa Juni, chisanu cha pa Dedza chikuluma zala, ine m'bulangete, n'kumaphunzitsa kompyuta: apa nkhalango, apa munda wa kachewere, apa dambo, apa madzi. Kompyutatu siona mtengo. Imangowerenga kuwala kwa kabokosi kalikonse ka pachithunzi, mamita 30 mbali zonse, n'kuunjika pamodzi tofanana manambala.

Mapu anatuluka okongola zedi. Ndinawanyamula kupita nawo kumsonkhano wa komiti ya nkhalango m'mudzi wina. Agogo ena anawayang'anitsitsa, chala chili pa kachigamba ka buluu.

"Mwanawe, nyanja iyi yafika liti paphiri? Bwenzi tikudya usipa ife."

Anthu anafa nacho chiseko. Unali mthunzi wa phiri. Landsat imadutsa m'mawa, dzuwa la Juni lili chakumpoto, ndipo kwa iyo mthunzi ndi madzi zonse n'zakuda. Chondipweteka n'chakuti kompyuta inali itandiuza kuti ndakhoza, chifukwa ndinaiyesa ndi malo omwewo amene ndinaiphunzitsira. Wolemba mayeso ine, wochonga ine ndemwe.

Ndiye ineyo ndinali pamtunda pouma. Inu chinthu chanu chili pansi pa madzi. Madzi amameza kuwala kofiira m'mamita ochepa oyamba, kotsala n'kobiriwira ndi kwa buluu, choncho mchenga woyera wa pakuya umatha kuoneka ngati udzu wa m'nyanja wa posaya. Wasayansi wina dzina lake Lyzenga analemba njira yokonzera zimenezi mu 1978 ndi 1981, ndipo anthu akuigwiritsabe ntchito. Onjezani kunyezimira kwa dzuwa pamafunde. Onjezaninso kuti coral wamoyo amasunga tindere m'thupi mwake, ndiye mtundu wake suli patali ndi ndere zomera pa coral wakufa. Apa m'pamene sindinyengerera: mapu osiyanitsa wamoyo ndi wakufa, opangidwa ndi munthu amene sanasuzumireko m'madzi, ine sindiwakhulupirira. Ngakhale Allen Coral Atlas, mapu a ma coral a dziko lonse amene anamalizidwa mu 2021, zapansi imazitchula mpaka kuya kwa pafupifupi mamita 10 basi.

  

Zoti muchite

Tengani chithunzi cha setilaiti ya Sentinel-2, tibokosi take ndi ta mamita 10. Sankhani tsiku lopanda mitambo, madzi ataphwa. Magulu akhale ochepa: mchenga, udzu, miyala, coral pamodzi ndi ndere. Njira yophunzitsira kompyuta yotchedwa random forest ikukwanirani. Kenako kwerani bwato ndi msodzi wakomweko, GPS m'manja, mujambule pansi, ndipo malo ena muwabise kuti mudzayesere mapu anu. Ndalama ya bwatolo kaipempheni kwa aphunzitsi anu mawa lomwe.